Masheya a mayi wina atasowa m'lipoti la banki mkhonde

Dandaulo loyamba linabwera pa WhatsApp, uthenga wa mawu, kuchokera kwa mlangizi wina wachikulire amene amayendera magulu a banki mkhonde m'boma lina la m'chigawo chapakati. Anati, "Achimwene, kabatani kotulutsira lipoti kaja kasowa pa foni yanga. Ndafufuza paliponse." Ankanena za pulogalamu imene tinapangira alangizi, yolembera masheya ndi ngongole za magulu. Ndinaitsegula pa foni yanga ndipo kabatani kanali pomwepo, pamwamba chakumanja. Ndinawauza kuti atseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso, zikakanika aikenso yatsopano. Sanandiyimbirenso, ine n'kuganiza kuti zatheka. Sizinatheke. Bamboyo anangoganiza kuti vuto ndi iwo, nayamba kukopera manambala papepala n'kumakasiya ku ofesi. Ndimadandaulabe kuti tsiku limenelo sindinawapemphe chithunzi cha sikirini yawo, chifukwa nkhani yonseyi ikanathera pomwepo.

Patapita masabata atatu anandiyimbira ndi mkulu wa bungwe limene alangiziwa amagwirira ntchito. Mawu awo anali akuti pulogalamu yathu ikudya ndalama za anthu. Panali madandaulo atatu. Mayi wina wa m'gulu lina masheya ake sankaonekanso, pomwe m'buku lake la pamanja munali madindo a chaka chonse. Lipoti la ku ofesi linkaonetsa ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene alangizi ankadziwa. Komanso anthu amene tsiku lawo lobweza ngongole linali lisanakwane ankaoneka ngati achedwa, mpaka ena anali atauzidwa kale za chindapusa. Unali mwezi wa Novembala, magulu akukonzekera kugawana, nthawi imene aliyense akuwerengera ndalama ya feteleza ndi mbewu. A komiti anali atayamba kale kukamba zosiya mafoni n'kubwerera ku mabuku.

Pulogalamuyi tinaipanga anthu awiri pogwiritsa ntchito Flutter, chida chopangira mapulogalamu, kuti khodi imodzi izigwira pa mafoni a Android a alangizi komanso pa Windows ku ofesi. Mlangizi amalemba masheya, ngongole ndi chindapusa ali pamsonkhano wa gulu, zimasungidwa mu SQLite, nkhokwe ya deta (database) ya pa foni pomwepo, ndipo akapeza netiweki zimapita ku seva, kompyuta yosonkhanitsa zonse. Ku ofesi kuli mayi wowerengera ndalama amene amatulutsa lipoti la magulu onse n'kulitsegula mu Excel. Pulogalamuyi ili m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Chichewa tinachiwonjezera pambuyo pake alangizi atapempha, ndipo anamasulira ndi munthu amene tinangomutumizira mndandanda wa mawu, osamuonetsa pamene mawuwo akakhale.

Poyamba ndinalondola njira yolakwika. Mawu akuti ndalama zasowa ananditengera ku seva, ndipo ndinatha masiku awiri ndikuyerekeza zimene mafoni anatumiza ndi zimene zinafika. Zonse zinali zogwirizana. Palibe mzere umene unatayika panjira, palibe umene unalembedwa kawiri. Nditaphatikiza masheya onse m'database, chiwerengero chinafanana ndi cha alangizi, osati cha lipoti la ku ofesi. Dzina la mayi uja ndinalipeza, ndi masheya awo onse, koma lili ndi chizindikiro chakuti anachotsedwa pagulu, ndipo amene anawachotsa anali mlangizi wachikulire yemwe uja. Nditawafunsa anakanitsitsa. Anati sanachotsepo munthu aliyense chaka chonsecho, ndipo mayiwo amawadziwa bwino, ndi mmodzi mwa osunga makiyi a bokosi.

Apa m'pamene nkhani inatembenukira. Ndikanatha kukhulupirira zolembedwa za seva n'kunena kuti bamboyo aiwala. Koma anali munthu yemweyo amene anandiuza za kabatani kosowa, ndipo ndinali nditawanyalanyaza kale kamodzi. Ndinaona kuti deta ili bwino, chosokonekera chili pakati pa deta ndi maso a anthu, ndipo chimenecho sichingaoneke ndili pa desiki yanga. Ndinakwera minibasi kupita ku bomalo.

Pa foni ya mlangizi

Foni yawo inali yaing'ono, ya mtengo wotsika, monga mmene alili mafoni ambiri a anthu ogwira ntchito m'midzi. Atangoitsegula ndinaona kuti zilembo n'zikuluzikulu. Ali ndi vuto la maso, ndiye mwana wawo anawakulitsira zilembo mpaka kumapeto, anakulitsanso kaonekedwe ka sikirini yonse, chinthu chimene Android ili nacho kuyambira pa 7.0. Kukulitsa kwachiwiriku kumachepetsa malo amene pulogalamu imapatsidwa. Sikirini imene ikanakhala ya 360dp m'lifupi (dp ndi muyeso wa malo pa sikirini) imatsika kufika cha m'ma 320dp, pomwe zilembo zakula.

Mutu wa tsamba la gulu sitinagwiritse AppBar, mutu wokonzedwa kale wa Flutter. Tinapanga wathu: Row (mzere wondandalika zinthu chopingasa) yokhala ndi Text (mawu) ya mutu ndi dzina la gulu, kenako timabatani titatu. Text imeneyo sitinaiike mu Expanded kapena Flexible, zimene zimaletsa chinthu kupitirira malo otsala, kutanthauza kuti inkatenga malo onse amene ikufuna. M'Chingerezi, pa foni yanga, ndi dzina lalifupi la gulu loyeserera, zonse zinkakwana. M'Chichewa mutu unali "Masheya ndi ngongole za gulu", ndipo mayina a magulu enieni ndi aatali, mawu awiri kapena atatu kuphatikizapo dzina la mudzi. Mawuwo ankakankhira timabatani kunja kwa sikirini. Kabatani ka lipoti kanali komalizira, ndiye n'kamene kanayamba kugwera kunja.

Anzanga a Flutter mukudziwa mizere yachikasu ndi yakuda imene imabwera ndi uthenga wa RenderFlex overflowed. Imaoneka pa debug pokha, pamene opanga tikuyesa pulogalamu. Pa release, mtundu umene umapita kwa anthu, palibe mizere, palibe uthenga, chimene sichinakwane chimangodulidwa mwakachetechete. Ife pa debug sitinaione chifukwa sitinayesepo Chichewa ndi zilembo zazikulu nthawi imodzi.

Madzulo ake ndinayimbira mnzanga amene tinapanga naye pulogalamuyi. Maganizo ake anali akuti tikhome kukula kwa zilembo pa 1.0 kudzera mu MediaQuery, pulogalamu yonse izioneka chimodzimodzi pa foni iliyonse. Ndi mzere umodzi wa khodi, ndipo nthawi inali yochepa. Ndinakana, ndipo tinatsutsana kwa kanthawi. Bamboyo sanakulitse zilembo pofuna kukongoletsa foni. Akulemba ndalama za anthu, ali pansi pa mtengo, dzuwa likuwala pa sikirini. Tikawachepetsera zilembo kabatani kabwerera, koma tsiku lina adzalemba 5,000 pamene pamayenera kukhala 50,000, ndipo cholakwika chimenecho palibe seva imene ingachigwire. Komanso kuyambira pa Android 14 munthu angathe kukulitsa zilembo mpaka 200%, pomwe kale Android wamba inkalekezera pa 130%. Anthu okulitsa zilembo sakuchepa, ndipo pulogalamu ikuyenera kuwatsatira. Tinagwirizana zokonza kayalidwe: mutu mu Expanded, wololedwa mizere iwiri, dzina la gulu pansi pake, ndipo batani la lipoti tinalichotsa pamwamba n'kuliika pansi pa chidule cha gulu, lolembedwa mawu osati kachithunzi kokha.

Koma chachikulu ndinachipeza m'mawa mwake nditawapempha kuti andionetse mmene amakhululukirira chindapusa. M'magulu mwawo munthu akachedwa chifukwa cha maliro kapena matenda, gulu limagwirizana kuti asalipire. Anadina timadontho titatu pambali pa dzina la membala, menyu inatsegula, ndipo m'menemo munali mizere iwiri yofanana ndendende: "Chotsani membala p…" ndi "Chotsani membala p…". Umodzi unali "Chotsani membala pa chindapusa", wina "Chotsani membala pagulu". M'Chingerezi mawu awiriwa sankafanana n'komwe, ndipo onse anali aafupi. Womasulira anawayamba ndi mawu ofanana, zomwe sizolakwika kwa munthu woona mndandanda chabe. Menyu ya PopupMenuButton siipitirira 280dp m'lifupi ngati simunaiuze zina, ndipo ife tinalamula kuti mzere uliwonse ukhale umodzi, zotsala zidulidwe ndi timadontho. Mawu amene amasiyanitsa mizere iwiriyo anali kumapeto, ndipo ndi amene ankadulidwa.

Bamboyo anali ataloweza kuti wa chindapusa ndi wachiwiri kuchokera pansi. Koma mzere wa chindapusa unkaoneka pokhapokha membala akakhala nacho chindapusa chimene chalembedwa kale. Tsiku limenelo chindapusa cha mayi uja chinali chisanalembedwe, mizere inasuntha, ndipo anadina wochotsa pagulu. Kabokosi kotsimikizira kanabwera, koma kanali kamodzimodzi ka pulogalamu yonse: "Mukutsimikiza?" Inde kapena Ayi. Anadina Inde, potsimikiza chimene iwo ankafuna kuchita. Iwo ankanena zoona, seva nayonso inkanena zoona.

Chinatipulumutsa n'chakuti kuchotsa membala sikufufuta mzere wake, kumangouika chizindikiro. Masheya a mayiwo ndinawabwezeretsa tsiku lomwelo. Pa menyu tinasintha zinthu zingapo. Mawu tinawalembanso tili limodzi ndi alangizi awiri, kuti liwu loyamba lizisiyanitsa: "Khululukirani chindapusa" ndi "Tulutsani membala m'gulu". Kudula ndi timadontho tinakuletsa m'menyu zonse, mzere wautali uzipindikira pansi. Mzere umene sukugwira ntchito panthawiyo sumasowanso, umangozilala uli pamalo pake, chifukwa anthu amaloweza malo kuposa mawu. Kutulutsa membala tinakuchotseratu m'menyu imeneyo n'kukuika mkati mwa tsamba la membalayo. Ndipo kabokosi kotsimikizira tsopano kamatchula dzina la munthu, masheya amene ali nawo, ndipo batani lake silinenanso kuti Inde, limanena kuti "Atulutseni". Kuyambira pamenepo sindipatsanso womasulira mndandanda wa mawu wopanda zithunzi za masamba ake.

Pa laputopu ya ku ofesi

Nkhani ya ndalama zochepa m'lipoti inali ikadalipo. Ndinakhala pambali pa mayi wowerengera ndalama n'kuwapempha kuti atulutse lipoti monga amachitira masiku onse, ine osagwira kalikonse. Bokosi lotulutsira lipoti linatseguka. Anasankha boma, anasankha magulu onse, kenako anadina Enter. Ndinawafunsa chifukwa chake sadina batani. Anandiyang'ana modabwa, nati, "Batani lake liti, bambo?"

Laputopu yawo ndi ya 1366x768, ndipo Windows anaiika kuti izikulitsa zinthu ndi 125%. Kwa pulogalamu, msinkhu wa 768 umasanduka 614, ndipo mukachotsapo taskbar ndi mutu wa windo pamatsala pafupifupi 545. Zamkati mwa bokosi lathu tinazipatsa msinkhu wokhazikika wa 600, wopanda kutsetsereka. Chimene chinadulidwa chinali batani, komanso pamwamba pake malo osankhira madeti a lipoti. Mayiwa sanadziwepo kuti malo amenewo alipo. Enter ankagwira chifukwa tinamulumikiza ku batanilo, ndipo lipoti linkatuluka ndi madeti amene tinaikiratu, a mwezi umene tili. Miyezi yonse m'mbuyomu izi sizinavute, poti lipoti la pamwezi n'limene ankafuna. Pokonzekera kugawana anafuna la chaka chonse, anatulutsa mwa nthawi zonse, n'kupeza masheya a Novembala okha. M'fayilomo munalibe paliponse pamene panalembedwa kuti lipotili ndi la kuyambira liti mpaka liti.

Kukonza bokosilo sikunatenge ola. Msinkhu wokhazikika tinauchotsa, zamkati zinalowa mu SingleChildScrollView kuti zizitsetsereka, mabatani tinawakhazika pansi kunja kwa gawo lotsetsereka, ndipo madeti anakwera pamwamba penipeni. Chimene ndimachiona chofunika kwambiri ndi china: madeti a lipoti tsopano amalembedwa pa dzina la fayilo ndi pa mzere woyamba wa lipotilo. Lipoti likatuluka mu pulogalamu limayenda lokha, pa WhatsApp, pa flash, papepala, ndipo wolilandira sadziwa chimene chinasankhidwa politulutsa.

Titatulutsa la chaka chonse chiwerengero cha masheya chinagwirizana. Koma anthu ochedwa kubweza ngongole anali akadali olakwika, ndipo apa ndinakhalitsa.

Fayilo yathu inali ya CSV, madeti olembedwa mmene timalembera kuno, tsiku kenako mwezi kenako chaka. CSV ndi mawu wamba olekanitsidwa ndi makoma. Siinena kuti ichi ndi deti, iyi ndi nambala ya foni, izi ndi ndalama. Excel ikamaitsegula imayerekeza yokha potsatira Region ya Windows, dziko limene munasankha kuti kalembedwe ka madeti ndi manambala kazitsatira, ndipo pa laputopu imeneyi Region inali English (United States), kumene mwezi umayamba. Ngongole yoyenera kubwezedwa pa 10/12, kutanthauza 10 Disembala, inawerengedwa kuti 12 Okutobala, ndiye mu Novembala inaoneka yochedwa. Deti monga 25/10 Excel sikanalitembenuza, poti kulibe mwezi wa 25, ndiye inalisiya ngati mawu. Mayiwa anali ndi fomula yoyerekeza deti lobwezera ndi TODAY(), deti la tsikulo. Mu Excel mawu akayerekezedwa ndi nambala amatengedwa kuti ndi aakulu, choncho ngongole zonse za madeti opitirira 12 sizinkaoneka zochedwa ngakhale zitachedwadi. Fomula yawo inali yolondola. Inkatchula osalakwa n'kusiya ochedwa enieni chifukwa cha fayilo imene ife tinawapatsa. Chizindikiro chinalipo kwa wodziwa kuchiona: m'kolamu imodzimodziyo madeti ena anatsamira kumanja, ena kumanzere.

Kolamu ya manambala a foni inali itawonongekanso. Manambala a kuno amayamba ndi 0, monga 088 ndi 099, ndipo Excel ikawatenga ngati nambala wamba 0 woyambayo amagwa. Amene analembedwa ndi 265 kutsogolo amakwana manambala 12, ndipo ankaoneka ngati 2.66E+11, mmene Excel imafupikitsira nambala yaitali. Pongoyang'ana nambala yonse imakhala ikadalipo mkati, koma munthu akadina Save pa CSV yomweyo, chimene chimalembedwa ndi 2.66E+11 yemweyo, ndipo nambala yapita. Mayiwa ankasunga choncho nthawi zonse, ndipo kuchokera m'mafayilo amenewa ankakonza mndandanda wotumizira anthu ndalama pa foni. Mafayilo onse a miyezi yam'mbuyo tinawatulutsanso kuchokera m'database.

Panalinso zilembo zachilendo. Pamene mlangizi analemba Malaŵi ndi kachipewa pa w, lipoti linkaonetsa MalaÅµi. Pa cholinga cha ngongole, ng'ombe inkaoneka ngati ngâ€™ombe m'mizere imene inakoperedwa kuchokera mu Word, imene imasintha kankhodolero kukhala kopindika. Fayilo yathu inali ya UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta, m'mene ŵ amalembedwa ndi mabayiti awiri, C5 ndi B5. Popanda BOM, kachizindikiro ka kumayambiriro kwa fayilo kosonyeza kuti ndi ya UTF-8, Excel imawerenga ndi njira ina yotchedwa Windows-1252, m'mene mabayiti awiriwo ndi zilembo ziwiri zosiyana. Kwa ife olemba Chichewa iyi si nkhani yaing'ono. Mayina ambiri a anthu ndi midzi ali ndi ng', ndipo dzina likasokonekera chonchi silipezekanso pofufuza.

Ndisananyamuke, mkulu wa bungwe anatsegula fayilo yomweyo pa laputopu yawo, imene anagula ku South Africa. Zonse zinaunjikana mu kolamu A. Region ya English (South Africa) imagwiritsa koma polemba madesimo, ndiye cholekanitsira mndandanda chimakhala semikoloni. Fayilo imodzi, makompyuta awiri m'chipinda chimodzi, maonekedwe awiri.

Nditabwerera ndinayesa kuichiritsa CSV yomweyo, poti kusintha mtundu wa fayilo masiku ochepa kugawana kusanachitike kunkandiopsa. Ndinaika BOM, mabayiti atatu EF BB BF, zilembo zinakhala bwino. Madeti ndinawalemba chaka kutsogolo, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo Excel inawamva bwino pa Region zonse ziwiri. Pa vuto la semikoloni ndinaika mzere wa sep=, pamwamba, wouza Excel kuti cholekanitsira ndi koma. Makolamu anagawika, koma zilembo zinawonongekanso, chifukwa mzere umenewo ukakhalapo Excel siilabadiranso BOM. Pa manambala a foni pali njira yowalemba ngati fomula, chizindikiro cha = kenako nambala m'mitengero, ndipo imagwira mu Excel, koma pulogalamu ina iliyonse yowerenga fayiloyo imalandira zinyalala. Microsoft 365 inabweretsa mu 2023 malo ozimitsira kusintha kwa mtundu uwu, koma ku ofesiko akugwiritsa Excel yakale, ndipo ngakhale ikanakhala yatsopano, lipoti limene kulondola kwake kumadalira kuti aliyense wolilandira akasinthe zinazake pa kompyuta yake si lipoti lodalirika. Kusintha Region pa laputopu ziwirizo kukanabisa vuto mpaka tsiku limene laputopu yachitatu idzabwere.

Tsiku lachiwiri ndinasiya. Tinagwirizana kuti lipoti lowerenga anthu lizituluka ngati XLSX, mtundu wa fayilo wa Excel weniweni, mmene kabokosi kalikonse kamanena mtundu wake. Deti limasungidwa ngati nambala ya masiku, Region imangosintha kaonekedwe osati tanthauzo, ndipo tinalipatsa kaonekedwe kolemba dzina la mwezi kuti pasakhalenso kukayika pakati pa 10/12 ndi 12/10. Nambala ya foni ndi mawu. Ndalama ndi nambala yeniyeni, yoti fomula igwirepo. Tinawonjezeranso kolamu ya masiku ochedwa yowerengedwa ndi pulogalamu yokha, kuti chindapusa chisamadalire fomula ya pa kompyuta ya munthu mmodzi. CSV sitinaitaye, koma tinaisunthira pa gawo la akatswiri, yolembedwa motsatira RFC 4180, chikalata chofotokoza kalembedwe ka CSV, yopita ku mapulogalamu ena, ndipo pambali pake talembapo kuti isatsegulidwe mu Excel.

Poyesa XLSX pa mafoni tinagundanso chinthu china chimene palibe anadandaulapo. Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, pulogalamu inkanena kuti "Lipoti lasungidwa" koma fayilo kunalibe. Tinkalemba mu foda yathuyathu pamwamba pa storage ya foni. Scoped storage, lamulo lochepetsa malo amene pulogalamu ingasungemo mafayilo, inayamba ndi Android 10, ndipo pa Android 11 pulogalamu imene targetSdk yake (nambala ya mtundu wa Android umene inakonzedwera) ndi 30 kapena kuposa siingathenso kupanga foda pamalo amenewo, ngakhale mutaika requestLegacyExternalStorage, yopempha kutsatira njira yakale. Ife tinakweza targetSdk potsatira zofunika za Play Store, kulemba kunayamba kulephera, koma catch yathu, gawo la khodi logwira zolakwika, inkameza cholakwikacho ndipo uthenga wachipambano unali kunja kwa try, ndiye unkabwera ngakhale zitakanika. Nditafunsa alangizi a mafoni atsopano, anati ankaganiza kuti sadziwa kufufuza mafayilo, ndiye ankangojambula sikirini n'kutumiza. Tsopano kusunga kumadutsa mu ACTION_CREATE_DOCUMENT, munthu amasankha yekha malo, ndipo pali batani lotumizira fayilo mwachindunji ku WhatsApp kudzera mu FileProvider, chifukwa n'kumene malipoti ambiri amapita. Uthenga wakuti lasungidwa umabwera pokhapokha kulemba kukatha ndipo fayilo ili ndi kanthu mkati.

Chimene chinandikhudza pa alangizi onsewa n'chakuti palibe amene anaganiza kuti pulogalamu ndiyo yalakwa. Aliyense anadziimba mlandu yekha n'kupeza njira yolambalala: wina pepala, wina chithunzi, wina Enter. Kuchepa kwa madandaulo kumene ine ndinkakuona ngati umboni wakuti zinthu zili bwino kunali ulemu wa anthu osafuna kuvutitsa. Amene mumapanga mapulogalamu a anthu ogwira ntchito m'midzi, dandaulo limodzi likafika mulitenge kuti kumbuyo kwake kuli ena amene angokhala chete.

Kayesedwe kathu kanasintha. Tsamba lililonse tsopano lili ndi widget test, mayeso ochitidwa ndi kompyuta yokha, yoliyendetsa m'Chichewa, pa 320dp, zilembo zitakula kawiri, ndi dzina la gulu lalitali kwambiri limene lili m'database. Ubwino wake, overflow, kusefukira kwa zinthu kunja kwa malo ake, mu widget test imagwetsa mayesowo, simufunika kuyang'ana ndi maso. Chenjezo limodzi: font imene Flutter imagwiritsa m'mayeso ili ndi zilembo zonga mabokosi, zotambalala kuposa zenizeni, choncho muike font yeniyeni ya pulogalamu yanu, apo ayi mudzathamangitsa ma overflow amene kulibe. Ya Windows timaiyesa pa 1366x768 ndi 125%, komanso pa 1920x1080 ndi 150% imene imapereka 1280x720. Fayilo yotuluka timaitsegula pa Region zitatu: United States, United Kingdom ndi South Africa. Ndinagulanso kafoni kakang'ono kofanana ndi ka bambo aja, ndipo zilembo zake sindizichepetsa.

Mtundu watsopano unafika kwa alangizi kutatsala sabata imodzi kuti magulu oyamba agawane. A komiti analamula kuti chaka chimenecho kugawana kutsatire mabuku a pamanja, lipoti la pulogalamu likhale loyerekezera chabe. Sindinatsutse, chikhulupiriro chinali chitagwedezeka ndipo anali ndi chifukwa. Mayi wowerengera ndalama anayimbira mmodzimmodzi anthu amene anauzidwa za chindapusa molakwika, ndipo amene anali atalipira kale anabwezeredwa pamsonkhano wa gulu lawo. Nditafufuza m'database anthu onse amene anachotsedwa pagulu kuchokera pamene Chichewa chinalowa, ndinapezanso ena awiri a mlangizi wina amene anachotsedwa mwanjira yomweyo, ndipo anabwezeretsedwa tsiku lawo logawana lisanafike.

Ku gulu la mayi osunga makiyi aja ndinapitako ndekha tsiku logawana. Mlangizi anandipempha kuti ndifotokozere gulu chimene chinachitika, chifukwa m'mudzimo munali mutayamba manong'onong'o akuti iwo anafuna kudya masheya a mayiwo. Ndinaimirira n'kunena kuti cholakwa chinali cha ife opanga pulogalamu, ndinawaonetsa chithunzi cha menyu yakale ndi mizere iwiri yofanana ija, ndipo foni inazungulira m'manja mwa aliyense. Kenako mlembi anawerenga masheya kuchokera m'buku, mlangizi akutsatira pa foni, dzina ndi dzina, ndipo zinagwirizana mpaka womaliza. Mayiwo analandira ndalama zawo zonse. Chaka chotsatira a komiti analola kuti magulu azigawana potsatira lipoti la pulogalamu, koma mabuku a pamanja akulembedwabe, ndipo ine ndinapempha kuti asawasiye.